Chivomerezi Chachikulu Chimachedwa Kudziulula

Wotchi ya m'holo ya masewero inaima pa 3:55 masana, ndipo palibe amene anaikonza.

Lero aiika m'chipinda cha pamwamba pa sukulu ya pulaimale ya Arahama, kunja kwa mzinda wa Sendai, kumpoto chakum'mawa kwa Japan. Pasukulupa sipaphunziranso ana. Akuluakulu a mzindawu anaisiya mmene nyanja inaisiyira, ndipo kuyambira mu 2017 aliyense amaloledwa kulowamo kukadzionera yekha. Makalasi apansi ndi mabwinja, denga lake losendeka, makoma ali zipsera zokhazokha. Zitsulo za pakhonde la m'mwamba n'zopindika.

Ukakwera padenga, nyanja ya Pacific ili poteropo, mamita 700 okha. Pakati pa sukulu ndi nyanja palibenso mudzi. Pali udzu, maziko a nyumba, mitengo ya paini yotsala apo ndi apo, ndi chikhoma chatsopano chotchinga madzi. Kale pamenepa panali mabanja pafupifupi 800.

Anthu 320, ana asukulu, aphunzitsi ndi anthu a m'mudzi, anapulumukira m'nyumba imeneyi pa 11 Malichi 2011. Ena pafupifupi 190 a m'derali anapita ndi madzi.

Nthaka inagwedezeka 2:46. Madzi anafika 3:55.

Chakumpoto, ku Ofunato ndi ku Kamaishi, nyanja inangodikira theka la ola. M'nthawi yochepayo, ku Tokyo, akatswiri a bungwe la boma loona zanyengo ndi zivomerezi la Japan Meteorological Agency, JMA mwachidule, maso anali pa makompyuta. Ankawerenga timizere tokwera ndi kutsika tochokera ku makina mazanamazana a m'dziko lonselo, kufuna kudziwa chinthu chimodzi: chabwerachi n'chachikulu bwanji?

Yankho lawo loyamba linali 7.9. Chenicheni chinali 9.0.

Pa pepala kusiyanako kumaoneka kochepa. Pa mphamvu, chivomerezi cha 9.0 chimaposa cha 7.9 pafupifupi maulendo 45. Dziko limene lili ndi makina oyezera zivomerezi ochuluka chotere linaphonya bwanji? Nkhani yake ili m'mafunde momwemo, ndi mmene chivomerezi chachikulu chimalankhulira.

Thanthwe lomira

Kum'mawa kwa Japan, pansi pa nyanja, kuli chiphompho chotchedwa Japan Trench, chakuya pafupifupi makilomita 8. Pamenepo ndi pamene thanthwe lalikulu la pansi pa Pacific limalowa kunsi kwa thanthwe limene lanyamula kumpoto kwa Japan, masentimita 8 kapena 9 chaka chilichonse. Sililowa mosalala ayi. Matanthwe awiriwa amagwirana, la pamwamba n'kumakokedwa ndi kupindika kwa zaka mazanamazana, mpaka tsiku lina kugwiranako kumasuka. Thanthwe la pamwamba limadumpha, n'kukankha madzi onse amene ali pamwamba pake.

Zivomerezi zonse zikuluzikulu zimene makina anayezapo zinabadwira m'malo otere: cha ku Chile cha 1960 cha 9.5, cha ku Alaska cha 1964 cha 9.2, cha ku Sumatra cha 2004 cha 9.1.

Zimene timazidziwa kwathu kuno, cha ku Salima cha 1989 ndi za ku Karonga za Disembala 2009, n'zamtundu wina. Kuno nthaka ikung'ambika n'kumatalikirana, ndipo mphamvu yake inali cha m'ma 6. Nyumba zinagwa, anthu anafa. Koma kuchokera pa 6 kufika pa 9, mphamvu imachuluka maulendo oposa 30,000.

Tsiku lija palibe munthu amene anaona ndi maso mng'alu umene unatseguka. Unayambira makilomita 24 pansi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 130 kum'mawa kwa Sendai. Zonse zimene akatswiri ankadziwa m'mphindi zoyambirira anazimva kwa mafunde oyenda m'miyala.

Oyamba kufika amatchedwa mafunde a P. Amakankha ndi kukoka mwala, amathamanga makilomita 6 kapena 7 pa sekondi, ndipo kawirikawiri sagwetsa kanthu. Munthu amangomva mazenera akunjenjemera. Pambuyo pake pamabwera mafunde a S, oyenda pafupifupi theka la liwirolo, ogwedeza uku ndi uku. Ogwetsa nyumba ndi amenewa.

Mpata wa pakati pa awiriwa ndi chuma. Fusakichi Omori, mmodzi mwa amene anayambitsa maphunziro a zivomerezi ku Japan, anasonyeza zaka zoposa 100 zapitazo kuti ukawerenga masekondi a mpatawo n'kuchulukitsa ndi 8 kapena chapafupi pamenepo, wapeza makilomita ofikira kumene chivomerezi chayambira. Ana a sukulu ku Japan amaphunzira samu imeneyi mpaka lero. Makina atatu m'malo osiyana akapereka mitunda yawo, malo enieni apezeka.

Pa 11 Malichi mbali imeneyi inayenda bwino kwambiri. Patangotha masekondi 8.6 makina oyamba atamva funde la P, chenjezo linali litatuluka pa wailesi, pa TV ndi m'mafoni. Sitima 27 zothamanga za Shinkansen zimene zinali pa njanji ya Tohoku zinadulidwa magetsi n'kumanga mabuleki zokha. Palibe wokwera amene anafa.

Malo anawapeza m'kuphethira kwa diso. Kukula ndiye kunavuta.

Chisanathe, uchitchule

Chivomerezi chaching'ono chimatha m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Cha 2011 chinang'amba dera lotalika makilomita pafupifupi 500, m'lifupi 200, ndipo kung'ambikako kunatenga mphindi pafupifupi zitatu. Masekondi ake oyamba sanasiyane kwenikweni ndi a chivomerezi wamba. Kompyuta ya chenjezo poyamba inati 4.3. Patapita masekondi ochepa inati 7.2. Patatha mphindi ziwiri inakathera pa 8.1.

Tsono JMA inadziikira lamulo loti chenjezo la tsunami, mafunde a nyanja obwera ndi chivomerezi, lizituluka pasanathe mphindi zitatu, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa chake. Mu 1993, pa chilumba cha Okushiri, madzi anafika patangopita mphindi zochepa nthaka itagwedezeka. Wochedwa kulankhula amalankhula kwa mitembo.

Choncho 2:49, chivomerezi chikungomaliza kumene kung'amba, akatswiri anayenera kuchitchula dzina.

Njira yachangu imene anali nayo imayeza kutalika kwa mafunde afupiafupi, obwereza masekondi asanu aliwonse kapena kucheperapo. Njirayi ndi yabwino mpaka pa 8. Kupitirira apo imagontha. Mng'alu ukakula, mafunde afupiafupi sakula nawo kwenikweni. Mphamvu yowonjezerayo imapita m'mafunde aatali, oti funde limodzi limatenga mphindi zingapo kuti lidutse. Zili ngati pabwalo la gule: woimirira pafupi amadzazidwa m'makutu ndi kulira kwa mbalule, koma kukula kwa gule kumamveka m'mawu a gunda, apansipansi, ofika kutali.

Makina omva mawu apansiwo analipo. Koma kugwedezeka kunali kwakukulu moti pafupifupi onse a m'dzikomo anadzaza, mizere yawo n'kudukira m'mphepete. Kuwerengera kwachiwiri, kumene kumayenera kutuluka patatha mphindi 15, kunakanika. Anachita kudalira makina a kumayiko akutali, kumene mafunde anafika atafookako.

Panalinso china, chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa vuto la makina. Nambala ya 7.9 sinadabwitse munthu. Kwa zaka zambiri boma linkachenjeza za chivomerezi cha kunyanja ya kufupi ndi chigawo cha Miyagi, chonga cha 1978, cha pakati pa 7.5 ndi 8.0, ndipo linkati mwayi woti chibwere m'zaka 30 ndi 99 pa 100. Malo anali omwewo. Nambala inali yomweyo. Munthu ukaona mlendo amene wakhala ukumudikira, sufunsanso kawiri kuti ndi ndani.

Chenjezo loyamba linati mafunde a mamita 6 ku Miyagi, mamita 3 ku Iwate ndi ku Fukushima.

Ku Taro, m'chigawo cha Iwate, chikhoma chotchinga nyanja chinali cha mamita 10. Womva za mamita 3 anali ndi chifukwa choikira mtima m'malo. Kenaka kunamvekanso kuti funde loyamba limene layezedwa m'madoko ena ndi la masentimita 20. Zinali zoona, koma funde loyamba la tsunami nthawi zambiri sindilo lalikulu. JMA yokha inadzavomereza pambuyo pake kuti manambala amenewa ayenera kuti anachedwetsa anthu ena kuthawa.

Chimene chinasintha zinthu si makina a chivomerezi. Chinali chida choyandama panyanja kufupi ndi Kamaishi, choyeza kukwera kwa madzi ndi GPS, chimene chinaonetsa nyanja ikutukuka mamita angapo m'mphindi zochepa. 3:14 chenjezo linakwezedwa: mamita oposa 10 ku Miyagi, 6 ku Iwate ndi Fukushima. Cha m'ma 3:30 linakwezedwanso. Nthawi imeneyo magetsi anali atazima m'madera ambiri, ndipo ku Ofunato, Kamaishi ndi Miyako madzi anali kale m'misewu.

Nambala ya chivomerezi inkatsatira m'mbuyo. 4 koloko inali 8.4. Hafu pasiti faifi inali 8.8. Ya 9.0 inalengezedwa pa 13 Malichi.

Anthu pafupifupi 15,900 anafa, ndipo oposa 2,500 sanapezeke mpaka lero. Mwa anthu 10 aliwonse amene mitembo yawo inapimidwa, 9 anafa ndi madzi. M'malo ena a gombe la Sanriku madziwo anakwera mtunda mpaka mamita pafupifupi 40.

Zimene zinachitikazi sizinali zachilendo kwa odziwa. Pa 26 Disembala 2004, likulu lochenjeza za tsunami la ku Hawaii poyamba linayesa chivomerezi cha ku Sumatra kuti ndi cha 8.0. Tsunami yake inapha anthu mpaka ku Somalia ndi ku Tanzania.

Chogwedeza pang'ono, chopha ambiri

Anthu a ku Sanriku ali ndi mbiri ina yoopsa kuposa apa. Madzulo a 15 Juni 1896 nthaka inagwedezeka mofatsa, pang'onopang'ono, moti ambiri sanasiye zimene ankachita. Linali tsiku la chikondwerero. Patatha theka la ola ndi mphindi zochepa, nyanja inalowa m'midzi n'kupha anthu pafupifupi 22,000. Asodzi amene anali kutali panyanja sanamve kanthu. Anadziwa m'mawa pobwerera, ataona nyumba ndi mitembo zikuyandama.

Mu 1972 Hiroo Kanamori, katswiri wa ku Japan amene wakhala zaka zambiri pa yunivesite ya Caltech ku California, anafotokoza chimene chimachitika. Pafupi ndi chiphompho, pamene thanthwe langoyamba kumira, pamakhala matope ofewa. Mng'alu ukadutsa pamenepo umayenda mochedwa. Sutulutsa mafunde afupiafupi ambiri oti munthu achite mantha, koma pansi pa nyanja pamasuntha kwambiri. Zoterezi zinachitikanso ku Java mu 2006 ndi ku zilumba za Mentawai mu 2010.

Kanamori yemweyo ndi amene anayambitsa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, muyeso umene dziko lonse limagwiritsa ntchito lero pa zivomerezi zazikulu, wowerengera kukula kwa mng'alu ndi mtunda umene miyala yasuntha. Anapezanso funde lina lalitali kwambiri, limene analitcha W, lofika pakati pa P ndi S. Ubwino wake ndi woti limafika msanga, mafunde odzaza makina aja asanabwere, ndipo limanena kukula kwenikweni.

Chivomerezi cha 2011 chinali ndi nkhope zonse ziwiri. Kunsi, pafupi ndi gombe, chinagwedeza mwamphamvu. Chapamwamba, pafupi ndi chiphompho, miyala inasuntha mamita pafupifupi 50, chinthu chimene akatswiri ambiri sankaganiza kuti n'chotheka pamalo ofewa chotero. Chizindikiro china chimene bungwe loteteza gombe la Japan linaika pansi pa nyanja chinapezeka chitasuntha mamita 24. Pamtunda, dera la Oshika linasunthira kum'mawa mamita oposa 5 n'kutsika kupitirira mita imodzi.

Mu 2012 chombo chobowola cha Chikyu chinapita pamalopo. Pansi pa madzi akuya pafupifupi makilomita 7, chinabowola mamita oposa 800 mpaka kukhudza mng'alu weniweniwo. Anapeza kuti ndi kamzere kopyapyala, kosakwana mamita 5, ka dongo loterera.

Mafunde omwewa ndi amene anaulula thanthwe lomira lija poyamba, anthu asanadziwe n'komwe kuti matanthwe amayenda. Mu 1928 Kiyoo Wadati, yemwe ankagwira ntchito ku ofesi ya zanyengo ya ku Tokyo, anaonetsa kuti zivomerezi zina zimayambira makilomita mazanamazana pansi. Ataziika pa mapu, zinandanda motsetsereka, zosaya kufupi ndi chiphompho, zakuya kulowera ku Asia. Hugo Benioff wa ku America anadzapeza zomwezo m'madera ena, ndipo mzerewu umadziwika ndi mayina a awiriwa. Umafika makilomita pafupifupi 700.

Thanthwe lomiralo ndi lozizira ndiponso lolimba kuposa miyala yotentha yolizungulira, choncho limanyamula mafunde osawafooketsa. N'chifukwa chake chivomerezi chakuya cha pansi pa nyanja ya kumadzulo kwa Japan chimatha kumveka kwambiri kugombe la kum'mawa, amene ali pamwamba pake penipeni osamva kanthu. Pa 30 Meyi 2015 china chinayambira makilomita pafupifupi 680 pansi pa zilumba za Ogasawara, kutali kum'mwera kwa Tokyo, ndipo zigawo zonse 47 za Japan zinachimva. Tsunami kunalibe. Chakuya chotero sichitukula pansi pa nyanja.

Ndiye wowerenga mafunde ayenera kudziwa msanga kuya kwake, komanso mbali imene miyala yasunthira. Funde loyamba la P likakankhira makina ena m'mwamba, ena n'kuwakokera pansi, kandandidwe kake kamanena ngati mng'alu wakwera, watsika kapena wangotsetsereka cham'mbali. Wokwera, wosaya, wa pansi pa nyanja: ameneyo ndiye mwini tsunami.

Mawu m'malo mwa nambala

Kuyambira pa 7 Malichi 2013, JMA inasintha kalankhulidwe. Ikakayika kuti chivomerezi chingakhale choposa 8, sitchulanso mamita m'chenjezo loyamba. Imangoti tsunami "yaikulu zedi" kapena "yaitali", potengera choopsa chachikulu chimene chingachitike m'deralo. Manambala amabwera pambuyo, mafunde aatali akawerengedwa. Funde laling'ono loyamba nalonso salitchula msinkhu pamene lalikulu likuyembekezeka. Amangoti akuyezabe.

Kwa anthu a sayansi, amene moyo wawo wonse ndi manambala, chimenechi sichinali chinthu chapafupi. Koma ndi chosankha chanzeru kuposa zonse zimene anachita, ndipo sichinafune waya ngakhale mmodzi.

Mawaya nawo anayalidwa. Bungwe lofufuza za ngozi zachilengedwe la NIED linaika makina 150 pansi pa nyanja, kuchokera kufupi ndi Hokkaido mpaka kufupi ndi Chiba, olumikizidwa ndi mawaya otalika makilomita oposa 5,000. Amawatcha S-net. Malo aliwonse ali ndi choyezera kugwedezeka ndi choyezera kulemera kwa madzi, moti tsunami ikadutsa pamwamba imadziwika ikadali kutali. Mu 2011 pafupifupi makutu onse anali pamtunda, mbali imodzi ya mng'alu. Tsopano ena akhala pamwamba pake.

Maso a dziko lonselo tsopano ali kum'mwera chakumadzulo, ku chiphompho china chotchedwa Nankai Trough, kumene thanthwe la Philippine Sea likumira pansi pa dera la Nagoya, Osaka ndi chilumba cha Shikoku. Kumeneko kunang'ambika mu 1707, mu 1854, kenaka mu 1944 ndi 1946. Nthawi zina mbali zonse zimapita limodzi, nthawi zina imodzi imatsogola, inzake n'kutsatira patapita maola kapena zaka.

Kumeneku n'kumene katswiri Kazushige Obara anatulukira chinthu chachilendo mu 2002. Chivomerezi cha ku Kobe cha 1995 chitachitika, Japan inakwirira makina pafupifupi 800 m'zitsime zakuya mamita 100 kapena kuposa, kutali ndi phokoso la magalimoto. Pa mizere ya makinawa pankaoneka kunjenjemera kofooka, kopanda P kapena S woonekera, kotenga maola ngakhale masiku. Aliyense akanati ndi mphepo kapena mafakitale. Obara anaona kuti kukuchitika nthawi imodzi pa makina otalikirana kwambiri, ndipo atalondola gwero lake anapeza kuti kukuchokera makilomita 30 ndi kupitirira pansi, m'mphepete mwa thanthwe lomira. Matanthwe anali kutsetsereka mwakachetechete, kunsi kwa gawo logwirana lija.

Kutsetsereka kotere kumawonjezera katundu pa gawo logwiranalo. Katswiri Aitaro Kato ndi anzake, atabwerera ku mizere ya masabata a m'mbuyo mwa 11 Malichi 2011, anapeza tizivomerezi tating'ono tikusendera pang'onopang'ono kumene chachikulu chinadzayambira. Pa 9 Malichi panachitikanso cha 7.3 chapafupi pomwepo. Ambiri anachitenga ngati nkhani yatha. Kuti chinali kalambulabwalo zinadziwika patapita masiku awiri.

Vuto ndi loti kutsetsereka kwakachetechete kumachitika kawirikawiri popanda chotsatira, ndipo zivomerezi za 7 zambiri sizibala za 9. Pa mizere, kalambulabwalo ndi chivomerezi chongodzichitikira amaoneka chimodzimodzi.

Pa 8 Ogasiti 2024 chivomerezi cha 7.1 chinagwedeza nyanja ya Hyuga-nada, kumapeto a kumadzulo kwa Nankai Trough. Akatswiri anakumana madzulo omwewo, ndipo kwa nthawi yoyamba JMA inatulutsa chidziwitso choti mwayi wa chivomerezi chachikulu wakwera kuposa masiku onse. Sanauze anthu kuti asamuke. Anati aliyense aonenso njira yothawira ndi katundu wa pangozi. Mwayi womwewo, malinga ndi mbiri ya zivomerezi za padziko lonse, unali kamodzi pa maulendo mazana angapo.

Inali nyengo ya Obon, pamene mabanja amapita kumudzi kukaona manda a makolo. Gombe losambirako la Shirahama linatsekedwa. Sitima za Shinkansen zinachepetsa liwiro pa gawo lina la njanji ya pakati pa Tokyo ndi Osaka. M'masitolo madzi a m'mabotolo ndi mpunga zinayamba kusowa. Nduna yaikulu Fumio Kishida inasiya ulendo wake wa ku Central Asia. Eni mahotela anadandaula kuti alendo athawa chifukwa cha chinthu chimene sichinachitike, ndipo dandaulo lawo linali lomveka.

Sabata yonse akatswiri ankaonetsetsa makina oyeza kupindika kwa miyala ndi kunjenjemera kwa pansi kuja. Sanaone kusintha kodetsa nkhawa. Pa 15 Ogasiti, 5 koloko madzulo, boma linathetsa pempho lapaderalo, koma linanenetsa kuti chivomerezicho chikhoza kubwerabe tsiku lililonse.

Nthawi imeneyo inali isanathe ntchito yoyala mawaya a N-net, makina 36 a pansi pa nyanja kuchokera kufupi ndi Kochi mpaka ku Hyuga-nada, gawo la Nankai Trough limene linali lisanakhale ndi khutu. Ntchitoyo inatha mu 2025.